Masokosi a Ndaziona

Ntchito yanga yoyamba inalibe malipiro, ndipo ndisaname, sindinailowe chifukwa cha mtima wachifundo. Ndinkafuna kalata yokhala ndi chidindo basi.

Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinakhala pakhomo kwathu, kumapiri kuja kumene Dowa amalekezera n'kuyamba Ntchisi, kudikira kuti mwina anditenga kusukulu ya unamwino. Zotsatira zinatuluka, ndinakhoza, ndinatumiza mapepala, kenako zii. Anzanga anali atabalalika kale. Wina anapita ku Lilongwe kukagulitsa m'golosale ya amalume ake, wina ankaoda kaunjika ku Dzaleka n'kumatsatsa m'misika. Ine ndinali pakhonde, kuwerenga nkhuku za amayi. Ndinkasesa pabwalo kawiri pa tsiku, osati chifukwa cha zinyalala, koma kusowa chochita. Amayi ankangoti, "Iwe Elube, takhala pansi! Ukuzungulira ngati thadzi lofuna kuikira bwanji?"

Lamulungu lina, mapemphero atatha, alembi a mpingo anawerenga chilengezo choti alangizi a zaumoyo a dera lathu akufuna achinyamata odzipereka, oti azithandiza kusikelo ya ana. Mtsikana amene ndinakhala naye benchi imodzi anandinong'oneza kuti odzipereka oterewa amawalembera kalata yaumboni, ndipo kalatayo imathandiza pofunsira malo kusukulu. Alembi asanamalize n'komwe, ine dzanja linali kale m'mwamba. Tinalembetsa anthu asanu ndi mmodzi. Mvula itayamba ena anabwerera kumunda, ena anatopa ndi kuyenda kwaulere, moti pofika Januwale ndinatsala ndekha. Sikuti ndinali wolimba mtima kuposa anzangawo ayi. Kungoti kalata ija ndinali ndisanailandire.

Abwana anga anali mayi Chisale, mlangizi wa zaumoyo, munthu wamfupi, wosakonda zoyankhulayankhula. Ankayenda pa njinga yakapalasa atavala yunifolomu yawo yabuluu, kumbuyo atamangirira bokosi lozizira la katemera. Dera lawo linali ndi malo anayi ochitira sikelo, onse kutali ndi chipatala, ndipo malo alionse tinkapitako kamodzi pa mwezi. Zitunda zina njinga sinkakwera. Tinkachita kuikankha, iwo kutsogolo ine kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

Tsiku loyamba anandiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Sikelo yake ndi ija yozungulira ngati wotchi ya pakhoma, yokhala ndi ngowe ziwiri. Ngowe ya m'mwamba umaikoleka pa chingwe chomangirira kunthambi, molingana ndi maso ako, kuti usamawerenge mosuzumira. Kungowe ya m'munsi umapachika kakabudula ka nsalu yolimba, kopanda mwana, n'kupotokola kasikuluwu mpaka muvi utaima pa ziro. Mwana amavulidwa zonse, n'kumulowetsa m'kakabudulako, n'kumupachika. Alira, aphiriphitha, muvi uvina, iwe udikire mpaka ukhazikike, ndiye uwerenge. Nambalayo umailemba m'kaundula, ndiponso umaika kadontho pa tchati cha m'kabuku ka mwanayo, n'kulumikiza ndi kadontho ka mwezi watha kuti uone ngati mzere ukukwera kapena ukutsika. Ukatero umatenga kalamba ka mitundu itatu n'kuzunguliza pamkono wamanzere, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono. Kakathera pobiriwira mwana ali bwino, pachikasu wayamba kuonda, pofiira ndi wa chiponde kapena wa kuchipatala.

Chomaliza ndi mapazi. Umagwira mapazi onse awiri, n'kudina pamwamba pake ndi zala zazikulu, kuwerenga mpaka katatu, n'kusiya. Pakatsala timaenje mbali zonse ziwiri, ndiye kuti m'thupi mwa mwanayo mwadzaza madzi chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo mwana wotere sagona pakhomo, amapita kuchipatala tsiku lomwelo. "Sikelo imayeza chilichonse chimene wapachikapo," anatero a Chisale. "Siidziwa kuti uwu ndi mnofu, awa ndi madzi. Chala chako ndiye chimadziwa." Ndinagwedeza mutu, koma maganizo anali ku Lilongwe.

Ntchitoyo ndinaidziwa msanga. Pakutha miyezi itatu ndinkatha kupachika mwana, kuwerenga ndi kulemba, wotsatira asanamalize kumasula chitenje. Azimayi anayamba kunditcha anesi aang'ono, ine n'kumadzimva. Koma abale, zinkanditopetsa! Nyimbo zomwezomwezo tisanayambe, phunziro lomwelomwelo la magulu asanu ndi limodzi a zakudya kwa anthu oti m'nkhokwe mwawo munalibe ndi chitsononkho chomwe, ana kukukodzera pa siketi tsiku ndi tsiku. Mapazi ndinadina osawerengeka, osapezapo kadzenje ndi kamodzi komwe, mpaka mumtima ndinayamba kunena kuti izi n'zongotayitsa nthawi. Foni ndiye inkandiyabwa m'thumba. Kwathu netiweki imagwira pamwamba pa chitunda chimodzi chokha, pafupi ndi sukulu ya pulaimale, ndipo tikangoweruka ndinkathamangira kumeneko kukaona ngati maina a osankhidwa atuluka.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachinayi la mu Febuluwale, njala ili pakati, chimanga chikumasula kumene. Dzulo lake ndinapeza uthenga wa mnzanga woti maina atuluka mawa masana. Ndinadzuka mtima uli m'mwamba, tiyi yemwe sindinamwe.

Sikelo ya tsikulo inali yakutali kuposa zonse, pa katchalitchi ka udzu kutsidya kwa dambo. Azimayi anabwera ochuluka kuposa masiku onse chifukwa kunamveka mphekesera yoti tigawa ufa wa phala, zimene sizinali zoona. Mzere unachokera pamtengo mpaka kuseri kwa tchalitchi. Kunja kunkatentha, koma kumapiri a Ntchisi mitambo inali itada bii. A Chisale anakhala m'katimo kubaya katemera ndi kupereka vitamini, ndipo anandiuza kuti, "Kunjako ndakusiyira wekha. Ndikudalira iwe." Aka kanali koyamba kundisiyira sikelo yonse.

Ana khumi oyamba ndinawachita zonse mwadongosolo. Ndiye ndinayang'ana mzere, ndinayang'ana dzuwa, mtima unayamba kuthamanga. Ndinayamba kuwapachika ndi malaya omwe. Kenako kalamba ndinkangozunguliza kwa okhawo ooneka owonda. Mapazi ndinawasiyiratu. M'kaundula, pamalo olemba za kutupa, ndinkangokhwatcha kamzere, kamzere, kutsika nalo tsamba. "Wotsatira! Changu amayi, mvula iyo!" Mawu anga ankamveka mpaka kudambo.

Chakumapeto kunabwera Malita. Ameneyu tinaphunzira limodzi kupulaimale, iye anasiyira Sitandade 7 n'kukwatiwa kuchitengwa, kumudzi kwa mwamuna wake kuseri kwa phiri. Miyezi iwiri yapitayo sanabwere kusikelo. Mwana wake wamkazi, Ndaziona, anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Anamuveka chipewa choluka, juzi, ndi masokosi ofiira ofika m'maondo, dzuwa likuswa mtengo.

"Make Ndaziona, mwasowatu! Tamuvulani mwanayo."

"Ali ndi chimfine," anayankha chapansipansi. "Tangomuyezani choncho."

Ine ndinasangalala kuti wandichepetsera ntchito. Ndinamupachika momwemo. Mwanayo sanalire, sanaphiriphithe, anangolendewera, masaya ali otukumuka. Muvi unaima nthawi yomweyo. Nditaika kadontho m'kabuku ndinaona kuti mzere umene unakhala ukutsika chitsikire wadumphira m'mwamba, kupitirira kilogalamu yathunthu.

Apa ndiye ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinakweza kabukuko m'mwamba. "Amayi inu, taonani kuno! Njala yomweyi, mnzanu mwana wake wanenepa. Inu mumangoti kulibe, kulibe. Tawaombereni m'manja make Ndaziona!" Azimayi anaomba m'manja, wina mpaka analuluta. Malita sanaseke. Anatsomphola kabuku m'manja mwanga, n'kuponya mwana kumsana, ulendo, osalowa n'komwe m'tchalitchi kukalandira vitamini. Ine ndinangoti ndi manyazi.

Tinamaliza dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinamasula sikelo, kupinda kakabudula, zonse m'chikwama, mwendo umodzi uli kale panjira ya kuchitunda. Koma a Chisale anali ndi chizolowezi chowerenga kaundula asanamange katundu. Anayendetsa chala kutsika tsamba, n'kuima.

"Ndaziona uyu, nambala iyi walemba bwino?"

"Eya, ndaonetsetsa."

"Mwana watsika miyezi itatu, wajomba iwiri, n'kudzanenepa mu Febuluwale? Wadya chiyani chimene ife sitikuchidziwa?" Anakweza maso. "Mapazi unadina?"

"Ndinadina."

Bodza limenelo linangotuluka lokha. A Chisale sanandikalipire. Anatseka kaundula n'kuyamba kumanga bokosi la katemera panjinga, kukoka mphira pang'onopang'ono ngati palibe chachitika. Ine ndinaima chilili. Ndinayamba kuona zimene maso anga anaona koma mutu unakana: masaya aja, zikope zolemera, kulendewera kopanda kulira kuja, masokosi padzuwa. Ndinaganiza kuti ndikaulula, kalata yanga yapita. Ndinaganizadi zimenezo, sindibisa. Kenako ndinakumbukira kuti sikelo ina pamalopa ndi mwezi wamawa, ndipo mwana wotupa mwezi saudikira.

"Amayi, ndanama. Sindinadine. Anavala masokosi. Ndi ena ambiri sindinawadine."

"Ndadziwa kale," anatero osatembenuka. "Timizere tako tikuoneka kuti walemba munthu wothamanga. Enawo ndawagwira ndekha m'katimu popereka vitamini. Uyu yekha ndiye sanalowe." Anamanga mfundo yomaliza. "Katemerayu ayenera kulowa m'firiji madzi oundanawa asanasungunuke, ndiye ine sindingapite. Upita ndiwe. Ukapeza timaenje, usabwereko wekha. Mutsikire pamlatho wa kumsika, ndiuza wa njinga yamoto akakudikireni pamenepo."

"Nanga akakana?"

"Pakamwa pako paja pamatha kuyendetsa mzere wonse. Kapagwiritse ntchito."

Njira ya kwa Malita imadutsa pamphambano pomwe papatukira njira ya kuchitunda cha netiweki. Ndinaima pamphambanopo, ndikuvomereza. Kukwera ndi kutsika kukanatenga theka la ola basi. Ndinatukwana chamumtima, kutukwana a Chisale, kutukwana Malita, kutukwana masokosi, kenako ndinakhotera kumanzere, kwa Malita. Mvula inandipeza m'dambo. Kamtsinje kanali katakwera kufika m'ntchafu, ndinavula nsapato n'kuoloka nditagwira bango, chikwama pamutu. Chitunda cha kutsidya chinali thope lofiira loterera, ndinagwa kawiri. Ndinafika pamudzipo nditanyoweratu, siketi yonse ili matope okhaokha.

Ndinapeza azimayi ali m'chigafa, akusoka fodya. Malita analipo, pamodzi ndi apongozi ake a Naphiri, mayi wamtali wa mawu okuluwika bwino. Mwana sanali kumsana. Malita atandiona, singano inagwa m'manja mwake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse za mapazi pomwepo, koma maso amene Malita anandiyang'ana nawo anandiletsa. Ndinapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti ndabwera kudzaona kabuku ka mwana. Malita ananditengera m'nyumba.

Ndaziona anali atagona pamphasa, atamufunditsa chitenje. Masokosi anali akadali kumapazi.

"Malita, ndimuvule."

"Elube, chonde."

"Ndimuvula basi."

Masokosiwo anavuta kutuluka, lastiki yake itadinda mzere wakuya pansi pa bondo. Mapazi anali otupa, owala, khungu la m'miyendo lili ndi zigamba zakuda zosupuka. Ndinadina, ndinawerenga mpaka katatu. Nditachotsa zala, timaenje tiwiri tinatsala pomwepo, osabwerera. Ndinavula chipewa. Tsitsi linali lofiirira, lapatalipatali, longothothoka. Mwana amene ndinamuombetsera m'manja masana omwewo anali akufa.

"Wabisiranji, Malita? Wapenga?"

Anandigwira pakamwa kuti ndisamveke kuchigafa. Ndipo yankho lake ndinkalidziwa ndisanafunse, poti nane ndine wa komweko. Kwathu mwana akatupa mapazi ndi nkhope, anthu safunsa kuti wadya chiyani. Amafunsa kuti walakwa ndani. Amati ndi tsempho, kuti mmodzi wa makolo wayenda kunja kwa banja n'kubwera kudzagwira mwana kapena kudzathira mchere m'ndiwo.

"Bambo ake ali kuesiteti ku Kasungu chichokereni mu Okutobala," ananong'ona. "Ndiye mwana akatupa pano, ati wamutsempha ndani? Ati ndine. Pano ndi pamudzi pa eni ake, Elube. Andipitikitsa, mwamuna wanga akamva kuti ndimayenda. Ine sindinayende ndi munthu, Mulungu akuona. Milungu itatu tsopano ndikumumwetsa zitsamba mobisa. Lero ndinabwera kuti mwina muona nokha. Ndikanamuvula bwanji pamaso pa anthu onse aja? Ndimati poti ndiwe, undikokera pambali. Iwe n'kuyamba kundiombetsera m'manja."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamufunsa zimene mwanayo amadya. Anati anasiya kuyamwa mu Novembala atatsegula m'mimba kwa masiku ambiri, ndipo kuyambira pamenepo ndi phala la madzimadzi basi, lopanda nsinjiro, lopanda kanthu. Ndinamuuza kuti matenda ake ndi amenewo, si tsempho, ndipo kuchipatala amachiza. Ndinamuuzanso mosapita m'mbali kuti akagona pamphasa imeneyo mlungu wina, amuika m'manda.

"Ndiye ndikawauze chiyani apongozi?" anafunsa misozi ikutsika. "Ndikangoti kuchipatala, afuna amuone."

Ndinaganiza, mvula ikusokosa padenga. Bodza ndinali nditanena kale limodzi tsikulo, ndipo linandikwanira. Choona chokha chimene ndinali nacho m'manja chinali kulakwa kwanga komwe. Ndinamuuza Malita kuti amuvekenso mwana masokosi n'kumubereka, ine ndinatuluka.

Ndinagwada pakhomo pa chigafa. "Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ine ndalakwitsa ntchito kusikelo. Mdzukulu wanuyu sindinamuyeze moyenera, ndalemba zolakwika m'buku, ndipo abwana anga aona. Alamula kuti mwanayu apite kuchipatala lero lomwe akamuyezenso, ndipo andiuza kuti ndisabwereko ndekha."

A Naphiri anasiya kusoka. "Mwati chiyani? Kulakwitsa mulakwitse inu, kuvutika avutike mdzukulu wanga, mvula imeneyi? Nanga fodyayu asoka ndani? Ana a sukulu inu mwangodziwa kutokosa mafoni basi. Folomu 4 yake iti yolephera kuwerenga sikelo? Ndiwe mwana wa yani iwe?"

Ndinatchula dzina la bambo anga, amene anali aphunzitsi opuma ndiponso mkulu wa mpingo.

"Ha! Mwana wa aphunzitsi!" Azimayi onse m'chigafamo anaseka chikhakhali.

Amene amandidziwa akudziwa kuti ine mawu sindisunga. Yankho linali pakamwa penipeni, lotentha, ndipo likanawakwana. Ndinalimeza. Ndinangoti, "Pepani amayi, ndalakwa," kanayi kapena kasanu, maondo ali m'matope. Anandinyoza mpaka anatopa. Pomaliza anaponya dzanja. "Mutengeni, angakuchotseni ntchito yanu yopanda malipiroyo. Koma abwere lero lomwe!"

Titangodutsa nyumba yomaliza ya mudziwo tinamva mapazi kumbuyo. Anali a Naphiri, atafunda thumba la feteleza kumutu. Anamupatsa Malita bulangete lopinda ndi kapoto, mkati muli kaufa. "Kuchipatala kumazizira," anatero, osatiyang'ana kumaso, n'kubwerera. Mpaka lero sindidziwa kuti mayi amene uja ankadziwa zochuluka bwanji, ndiponso kuyambira liti.

Wa njinga yamoto anatidikiradi pamlatho. Tinakwera tonse, mwana pakati, matope akuthovukira m'mbali. Kuchipatala cha mishoni, anamwino atangovula masokosi sanafunse zambiri. Anamulowetsa kuwodi ya ana osowa zakudya m'thupi, n'kuyamba kumupatsa mkaka wapadera pang'onopang'ono ndi kakapu. Namwino wina wachikulire anatsegula kabuku, anaona kadontho kanga kokwera kaja.

"Anayeza ndani?"

"Ndine."

"Nanga wabwera naye ndani?"

"Ndine ndemwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope a kumapazi. "Chabwino. Khala apo, uume."

Maina ndinakawaona m'mawa mwake. Langa panalibe. Ndinakhala pamwala pachitunda paja n'kulira kwambiri, koma sindinganene kuti ndinkalirira maina okha. Lolemba ndinapita kuntchito ndikuyembekeza kuti a Chisale andiuza kuti basi, ndisabwerenso. Iwo anangondipatsa chikwama cha sikelo n'kunena kuti, "Lero uziyeza pafupi ndi ine." Mwezi wonse umenewo anandiyang'anitsitsa zala. Za tsiku lija sanazitchulenso.

Ndaziona anakhala m'chipatala milungu itatu, ndipo masiku oyamba zinali kayakaya. Kumudzi zokamba zinamvekabe, pakamwa pa anthu sungatseke. Koma a Naphiri anapita kukadikirira masiku angapo, anaona wodi yonse ili ana otupa okhaokha, ndipo akuti atabwerako anafunsa pamjigo kuti, "Ndiye kuti akazi onse aja ndi oyendayenda?" Sikuti onse anakhulupirira. Koma Malita sanapitikitsidwe.

Mu Epulo, pa katchalitchi kaja, Malita anali woyamba pamzere. Anamuvula mwana yekha, zonse, pamaso pa aliyense. Madzi atachoka m'thupi, Ndaziona anali kamwana kowonda, nthiti zochita kuwerengeka. Nditamupachika anakuwa, kuponda mphepo ndi timiyendo, muvi n'kumavina, ndipo ndinadikira mosangalala. Kadontho ka tsikulo kanagwera pansi pa kanga ka Febuluwale. Ndinazunguliza kalamba, kanathera pachikasu. Ndinadina mapazi, khungu linabwerera nthawi yomweyo.

Akumubereka, Malita anandiyandikira. "Ukudziwa Elube, tsiku lija pobwerera ndinali nditaganiza kuti basi. Poti a chipatala omwe ati wanenepa, ine ndine ndani? Ndimati ndingomusunga choncho, zimene Mulungu wafuna zichitike. Kusikelo kuno sindikanabweranso."

Ndinakolekanso kakabudula pasikelo n'kuitana wotsatira.

Kusukulu ya unamwino ananditenga chaka chotsatira, ndipo lero ndimagwira ntchito kuchipatala cha ana. Kupupuluma sikunandichoke, anzanga amandidziwa. Mzere ukatalika mtima umayambabe kuthamanga, ndipo kamawu kaja kamabwerabe, kakuti uyu akuoneka bwino, dumpha, wotsatira. Ndikakamva ndimadziwa kuti apa ndiye poopsa. Mayi akabwera maso ali pansi, mwana atamukulunga kuposa mmene nyengo ikufunira, sindimufunsa kanthu pagulu, ndipo sindimuyamikira pagulu. Ndimatseka chitseko kaye. Pa tchuthi timalandira ana a sukulu odzipereka, ena a manja achangu ngati mmene ndinalili ine. Ndikaona wina wayamba kukhwatcha timizere osagwira phazi, sindimukalipira. Ndimamulanda cholembera, n'kumuuza kuti aitanenso mwana woyamba.